Momwe ng'oma idalowera ndi kutulukira m'kalasi ku Blantyre

Makolo ena ku Ndirande ndi ku Bangwe akamva kuti mwana watsalira kusukulu pokonzekera sewero kapena kwaya, amakwiya, amati akutaya nthawi ya masamu. Mkangano umenewu ndi wakale kuposa sukulu zambiri za mumzinda muno.

Amishoni a mpingo wa ku Scotland atakhazikika pano mu 1876, sukulu yawo sinali ya kuwerenga kokha. Anyamata ankaphunzira ukalipentala, kuumba njerwa ndi kusindikiza mabuku, atsikana kusoka. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi ntchito ya manja a anthu akuno omwe ankaphunzira umisiriwo akumanga. Mukachiyang'anitsitsa mudzaona njerwa za maonekedwe osiyanasiyana zoyalidwa ngati nsalu yopeta. Sukulu ya mishoniyi ya Henry Henderson Institute (HHI), yomwe idatsegulidwa mu 1909, idapitiriza mwambo wa ntchito zamanjawo. Kuimbanso kunalipo, koma nyimbo za m'buku. Ng'oma ndi magule a kumudzi zinkatsala kunja kwa mpanda, poti ambiri mumpingo ankaziona ngati zachikunja.

Ufulu utabwera mu 1964, ng'oma idaloledwa, komatu idalowa ndi ntchito yoipatsa. Amene adaphunzira m'nthawi ya Kamuzu Banda amakumbukira masabata okonzekera kukavina ku Kamuzu Stadium, fumbi lili koboo, aphunzitsi atagwira kamtengo kuti mizere iwongoke. Ana adaphunzira magule ambiri mwanjira imeneyi, ndipo sindikufuna kupeputsa zimenezo. Chomwe chimandipweteka n'chakuti mawu a nyimbo ankabwera okonzeratu, otamanda munthu mmodzi. Mwana ankavina bwino, koma sankafunsidwa kuti apeke yake.

Mpata wopeka udapezeka pa khomo lina, la Chingerezi. Bungwe la aphunzitsi a chilankhulochi la ATEM lidayambitsa mpikisano wa masewero m'sukulu za sekondale pofuna kuti ana azilankhula bwino Chingerezi. Zomwe zidatulukamo zidaposa cholingacho. Du Chisiza Jr adayamba kudziwika ali mwana wa sukulu pa HHI pompa, atapambana mpikisanowu ndi sewero lolemba yekha. Mu 1987 adakhazikitsa gulu la masewero la Wakhumbata, ndipo mpaka pomwe adamwalira mu 1999 anthu ankadzaza holo ya French Cultural Centre kukamuonera. Malo amenewo, omwe lero ndi Blantyre Cultural Centre, adawonongeka kwambiri a ku France atachokapo mu 2011, ndipo ana a sukulu adataya bwalo lomwe akulu awo adakulirapo.

Mu 1994 pulayimale idakhala yaulere, ana adakhamukira m'makalasi, ndipo mphunzitsi wa ana 100 adasiya kuganiza za utoto ndi dongo. Kenaka silabasi yatsopano yomwe idayamba mu 2007 idaphatikiza kuimba, kujambula, kusoka, kuvina, masewero ndi masewera olimbitsa thupi kukhala phunziro limodzi, Expressive Arts. Maganizo ake ndi abwino ndithu. Vuto lili pa mayeso a Sitandade 8. A bungwe loona za mayeso la MANEB amafunsa phunziroli papepala limodzi ndi la maluso a moyo, mwana n'kumasankha yankho lolondola. Mphunzitsi amene akufuna kuti ana ake asankhidwire ku sekondale amawalembetsa manotsi: mitundu ya zoimbira, mayina a magule, madera omwe amavinidwa. Mwana amaloweza kuti tchopa ndi gule wa Alhomwe, manganje wa Ayao, osagwirapo ng'oma n'kamodzi komwe.

Aphunzitsi sindiwadzudzula. Ndidaonapo mayi wina wophunzitsa Sitandade 5 atatuma ana kuti abwere ndi dongo la kudambo, mawaya ndi zitsekerero za mabotolo. Mnyamata yemwe ankakhala duu kumbuyo chaka chonse adapanga minibasi ya mawaya yokhala ndi chitseko chotseguka, n'kuimirira kufotokozera anzake momwe adapindira chiwongolero. Belu la masamu litalira, mayiwo adamusiya kaye kuti amalize kulankhula.