Anatsuka utsi wa sitima, litsiro nkulitaya m'nyanja

Pa 1 Januwale 2020 bungwe la IMO, lomwe limayang'anira maulendo a sitima zapamadzi padziko lonse, linakhwimitsa lamulo la mafuta. Sulufule wololedwa m'mafuta a sitima anatsika kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5 peresenti. Ku nyanja za Baltic ndi North Sea, kumpoto kwa Ulaya, malire ake anali kale pa 0.1 peresenti kuyambira 2015. Cholinga chinali chabwino, poti utsi wa sulufule umadwalitsa mapapo a anthu okhala pafupi ndi madoko.

Koma lamulolo linasiya mpata. Mwini sitima amene akuona kuti mafuta oyera amudulira amaloledwa kupitiriza kuwotcha mafuta akuda otchipa aja, bola aike makina otsuka utsi otchedwa scrubber. Makinawa amapopa madzi a m'nyanja nkuwawaza m'kati mwa chumuni momwe utsi ukudutsa. Madziwo amameza sulufule, utsi nkutuluka woyererako. Nanga madzi aja amapita kuti? Pa sitima zambiri, zomwe makina ake ndi a mtundu wa open-loop, amangobwezedwa m'nyanja kudzera m'paipi ya kunsi, komwe diso silifika. Mu 2021 bungwe la ICCT, lofufuza za mayendedwe osaipitsa chilengedwe, linawerengetsera kuti madzi otere amakwana matani 10 biliyoni pachaka.

Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pafupifupi 8, koma akamatuluka m'chumuni amakhala atatsika mpaka cha m'ma 3, kutanthauza kuti asanduka asidi. Asidiyo amasungunuka msanga ndithu. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi zina zomwe madziwo amakokolola: mwaye, zitsulo monga vanadium ndi nickel, komanso mankhwala otsalira mafuta akapsa otchedwa PAH, omwe ena mwa iwo amayambitsa khansa. Zitsulo siziwola. Zimakhazikika m'matope apansi pa doko nkumalowa m'matupi a nkhono ndi nyongolotsi zokhala mmenemo.

Oyamba kuvutika si anamgumi kapena nsomba zikuluzikulu. Ndi tizilombo toyandama totchedwa copepod, tating'ono moti thupi lake lonse limangokwana milimita imodzi kapena zitatu. Mu labotale, akathira madzi ochepa chabe a scrubber m'botolo momwe tikukhala, ana ake amalephera kufundula khungu kuti akule, ndipo ambiri amafa. Mazira a zamoyo zina zapansi pa nyanja nawo amakanika kukula bwino. Amene amadziwa usipa wa m'nyanja ya Malawi amvetsa msanga nkhaniyi: usipa umadya tizilombo ta mtundu womwewu, ndipo nsomba zazikulu zimadya usipawo. Ku Baltic, nsomba za herring ndi sprat ndizo zimadalira tizilomboti.

Eni sitima amati nyanja ndi yaikulu, zonse zimasungunuka. Pakati pa Atlantic mfundoyi ingamvekeko, koma sitima siziyenda mwachisawawa. Zimatsata njira zomwezomwezo nkumadzazana m'madoko ndi m'mphepete, momwe nsomba zimaswanirana. Baltic ndi nyanja yosaya, yotsekeka, yolumikizana ndi North Sea kudzera m'timipata ta ku Denmark basi, moti madzi ake amatenga zaka pafupifupi 30 kuti asinthike. Mchere wake ndi wochepa, choncho mphamvu yake yofooketsa asidi ndi yochepanso. Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Chalmers ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anapeza kuti nyanjayi inkalandira madzi a scrubber oposa makyubiki mita 200 miliyoni pachaka.

Singapore inaletsa kutaya madziwa padoko lake kuyambira 2020. Denmark, Sweden ndi Finland analetsa madzi a open-loop m'madera awo a nyanja kuyambira pa 1 Julayi 2025, ndipo mu 2029 chiletsocho chidzakhudzanso makina a closed-loop, omwe amazunguliza madzi omwewo koma amatayabe pang'ono okhathamira ndi litsiro. Ine ndikuona kuti mayikowa achita bwino, ndipo njira yolunjika ndi yoti sitima ziziwotcha mafuta oyera. Koma mphamvu ya chiletso cha Denmark imathera pa mtunda wa mamailosi a panyanja 12 kuchokera kugombe. Sitima ikangodutsa pamenepo imatsegulanso paipi, ndipo malamulo a IMO amailola.