Myuziyamu yomwe saletsa kugwira

Tonse tinakula tikumva mawu akuti "Osagwira!" Tinkawamva kunyumba, m'sitolo, ngakhalenso m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, momwe zinthu zimakhala m'magalasi ife n'kumadutsa manja ali kumbuyo. Ine monga mphunzitsi wa sayansi mawu amenewa amandidetsa nkhawa, chifukwa zinthu zambiri za sayansi mwana amayamba kuzimvetsa ndi manja, makutu n'kutsatira pambuyo.

Ku San Francisco, m'dziko la America, kuli myuziyamu yotchedwa Exploratorium, yomwe inatsegulidwa mu 1969. Anayiyambitsa ndi Frank Oppenheimer, mng'ono wake wa J. Robert Oppenheimer uja anatsogolera ntchito yopanga bomba la atomiki. Mu 1949 Frank anakakamizika kusiya ntchito ya payunivesite chifukwa anakhalapo m'chipani cha chikomyunizimu. Anapita kukaweta ng'ombe ku Colorado, ndipo patapita zaka anayamba kuphunzitsa sayansi pasukulu yasekondale ya m'tauni yaing'ono ya Pagosa Springs. Munthu amene anaphunzitsapo ana akumudzi ndi zipangizo zotoleza amadziwa kuti mwana akagwira yekha saiwala. Ndi maganizo amenewo amene anamangira myuziyamuyi, yomwe mu 2013 inasamukira ku Pier 15, m'mbali mwa nyanja.

Tiyeni titenge chionetsero chimodzi cha kumeneko, cha zithunzithunzi zamitundu. Pali khoma loyera ndi mababu atatu: lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Onse akayaka pamodzi, khoma limaoneka loyera. Mwana akaika dzanja pakati, amayembekezera chithunzithunzi chimodzi chakuda monga amaonera padzuwa. Koma pamatuluka zitatu, ndipo palibe chofiira, chobiriwira kapena chabuluu. Chimodzi n'chachikasu, china n'chapinki wopita ku pepo, china n'chabuluu wotuwa wosakanikirana ndi kubiriwira.

Chimachitika n'chiyani? Dzanja limatchinga babu lililonse pamalo akeake. Pamene latchinga kuwala kwabuluu kokha, kuwala kofiira ndi kobiriwira kumafikabe pakhoma, ndipo diso limaona chikasu. Apa ana ambiri amatsutsa, ndipo sakulakwa kutsutsa: akasakaniza penti yofiira ndi yobiriwira amapeza mtundu wonga matope. Penti imameza mbali ina ya kuwala, choncho mukaisakaniza zinthu zimamka zida. Kuwala kukasakanikirana kumawonjezerana. M'diso mwathu muli timaselo ta mitundu itatu tozindikira mitundu, ndipo kuwala kofiira ndi kobiriwira kukatifika pamodzi, ubongo umati ndi chikasu. Sikirini ya foni yanu imagwiritsa ntchito njira yomweyi.

Ndikhoza kulemba zonsezi pabolodi, ana n'kukopera, n'kukhoza mayeso. Koma mwana amene wasendeza dzanja kufupi ndi khoma n'kuona zithunzithunzi zija zikuyandikana mpaka pakati padera bii, wapeza yekha kuti mdima ndi pamene mababu onse atatu atchingidwa. Palibe wamuuza.

Chinthu china chimene ndimasirira kumeneko n'chakuti malo opangira zionetsero sanabisike. Alendo amaona amisiri akucheka, akuwotcherera, akukonza zomwe zawonongeka. Zinthu zogwiridwa ndi manja ambirimbiri tsiku lililonse zimathyoka basi, ndipo myuziyamu yotere ikapanda amisiri imasanduka nyumba ya zikwangwani zoti "chawonongeka". Palinso achinyamata a kusekondale amene amalembedwa ntchito yothandiza alendo. Mwana samangika kufunsa wamkulu wake monga amamangikira kwa aphunzitsi.

Komabe kugwira kokha sikuphunzira. Ndaonapo ana akuthamanga kuchoka pachionetsero ichi kupita pa icho, kudina batani, kuseka, n'kuthamangira kwina osaona n'komwe chachitika. Apa m'pamene makolo ndi aphunzitsi timafunika, koma tisamafulumire kupereka yankho. Mwana asanagwire, mufunseni: "Ukuganiza kuti chichitika n'chiyani?" Akaphonya, musiyeni ayesenso. Ndi bwino kutha mphindi 20 pachionetsero chimodzi kusiyana n'kuzungulira nyumba yonse muli wefuwefu.

Amene muli ku Johannesburg, malo otere alipo ku Newtown, ndipo amatchedwa Sci-Bono Discovery Centre. Pitani nawoni ana. Enafe tingayese za zithunzithunzi zija pakhomo pomwe. Pezani matochi atatu owala mofanana, muphimbe magalasi ake ndi mapulasitiki oonekera mkati, lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Zimitsani magetsi, ikani matochiwo motalikirana pang'ono, ndipo onse alunjike pamalo amodzi pakhoma loyera kapena pansalu yoyera. Ngati pakatipo sipakuyera bwino, sendezani kumbuyo tochi imene ikuwala kwambiri, kenaka mwana aike dzanja.