Fizi ya ku yunivesite: boma lilipirire ndani?

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE likatulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, foni yanga siipuma. Sabata yoyamba kumakhala nthungululu zokhazokha. Ikafika sabata yachitatu, oimba amakhala omwewo koma mawu atazilala: "Achimwene, kalata ija yabwera ndi mtengo wake. Tiyambire pati?" Ntchito yanga kwa zaka zambiri yakhala yowerengera ndalama za maphunziro, choncho funso lotsatira ndimalidziwa lisanatuluke pakamwa. Bwanji boma osangolipira fizi ya ana onsewa monga linkachitira kale?

Ofunsawo sakunama, kale zinkathekadi. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965, ku Chichiri mu Blantyre, ili ndi ophunzira 90. Kwa zaka zambiri zotsatira, mwana akasankhidwa ankapeza bedi, chakudya katatu patsiku, ndi kandalama ka m'thumba. Ambiri mwa madokotala, maloya ndi akuluakulu a m'boma amene tikuwaona lero adadutsa njira imeneyo, ena atachokera m'nyumba zofolera ndi udzu. Koma mphika unkakwanira chifukwa odya adali ochepa. Lero tili ndi mayunivesite a boma 6. Mzuni idatsegulidwa mu 1999, LUANAR idaphuka kuchokera ku Bunda, MUST idayamba mu 2014 ku Thyolo, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Ophunzira achuluka kwambiri, komabe ana amene amakhoza bwino MSCE n'kusowa malo akadali ambiri.

Choyamba chimene ndimafotokozera makolo n'chakuti fizi imene amalipira si mtengo wonse wophunzitsira mwana. Malipiro a aphunzitsi, magetsi, madzi, mabuku a mu laibulale, mankhwala a mu labotale, zonsezi gawo lake lalikulu limachokera ku ndalama zimene Nyumba ya Malamulo imapatsa mayunivesite mu bajeti ya chaka ndi chaka. Kuphunzitsa dokotala mmodzi ku KUHeS kumadya ndalama zochuluka kutalitali kuposa zimene banja lake limapereka. Ndiye kuti boma likulipirira kale mwana aliyense wa ku yunivesite yake, wolemera ndi wosauka yemwe. Mkangano wathu uli pa kagawo kotsalako, ndi pa ndalama zogonera ndi zodyera.

Kagawo kameneka kakhala kakuyambitsa mapokoso. Kwa zaka zambiri za m'ma 2000 ophunzira olowa pa mpata wa boma ankapereka K25,000 pachaka, koma kwacha idapitiriza kugwa mpaka mtengowo udangotsala dzina. Mu 2016 khonsolo ya Yunivesite ya Malawi itakweza fizi kufika pa K400,000, ophunzira adalowa m'misewu, makalasi adaima, ndipo pulezidenti Peter Mutharika adalamula kuti mtengowo utsikeko. Chimachitika n'chakuti andale amaopa kukhudza fizi kwa zaka zambiri, yunivesite n'kumadzaza ngongole, kenaka tsiku limodzi mtengo umadumpha kwambiri moti palibe banja limene lidakonzekera. Kukweza pang'onopang'ono chaka ndi chaka kukadapweteka mochepa.

Tsopano tifike pamene pali phata la nkhani. Boma lilibe munda wakewake wa ndalama. Likalipira fizi, walipira ndi mayi wogulitsa tomato mu msika wa Lizulu amene amadulidwa VAT akagula sopo ndi mayunitsi a foni, mlimi wa fodya amene amadulidwa msonkho ku okushoni, ndi mphunzitsi wa ku pulayimale amene PAYE imamudula asanaone malipiro ake. Nanga amene amalowa ku yunivesite ndani? Kafukufuku wa World Bank wa zaka zingapo zapitazo adapeza kuti mwa ophunzira 10 a ku yunivesite m'Malawi, pafupifupi 9 ankachokera m'gulu la mabanja opeza bwino kwambiri, tikagawa mabanja onse a m'dziko muno m'magulu asanu. Ochokera m'gulu losaukitsitsa sankakwana ndi mmodzi yemwe pa 100 alionse. Zinthu zasinthako chifukwa malo awonjezeka, koma aliyense amene adaimapo pageti la yunivesite tsiku lolandira ophunzira atsopano amadziwa kuti chithunzicho sichidafufutike.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mwana wosauka amagwa m'njira kalekale asanaone kalata ya fizi. Ambiri samaliza Sitandade 8. Mwa amene akhoza mayeso a PSLCE n'kusankhidwa kupita ku sekondale, ochuluka amapita ku ma CDSS, sukulu zimene zidachokera ku malo ophunzirira a MCDE, sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndayendera ma CDSS angapo kumene ana amaphunzira sayansi osagwirapo botolo la mu labotale ngakhale limodzi, kumene mphunzitsi wa masamu adaphunzitsidwa ntchito ya ku pulayimale, kumene mtsikana amayenda mtunda wa maola awiri kapena kuchita lendi kachipinda pafupi ndi malo omwera mowa. Kuti alowe ku yunivesite afunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo akupikisana ndi mwana wa ku sukulu ya mishoni yogonera konko kapena ya pulaiveti yokwera mtengo. Tikachotsa fizi kwa onse lero, mphatso yaikulu ipita kwa amene apambana mpikisano umenewo, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo ankalipira ku sekondale ndalama zoposa fizi ya ku yunivesite popanda kugulitsa mbuzi. Mayi wa tomato uja akhala akulipirira mwana wa bwana, wake ali pakhomo.

Tili ndi phunziro lathulathu pa nkhani yochotsa fizi ndalama zisanakonzedwe. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, ndipo ndingachiteteze kulikonse, chifukwa pulayimale ndi khomo limene mwana aliyense amalowera. Koma walira mvula walira matope. Ana adaphunzirira pansi pa mitengo, aphunzitsi masauzande adalembedwa asanaphunzitsidwe ntchito, ndipo mpaka lero kalasi imodzi ya Sitandade 1 imatha kukhala ndi ana oposa 100. Yunivesite ikalandidwa fizi popanda china cholowa m'malo mwake, matope ake amakhala aphunzitsi onyanyala ntchito, kalendala yosokonekera, ndi digiri ya zaka 4 yotenga zaka 6.

Sindikunena kuti wosauka adzionere yekha. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena a za chuma amene akangotchula ngongole amaona ngati nkhani yatha. Wophunzira wochokera kumudzi chimene chimamuchotsa pasukulu kawirikawiri ndi njala ndi kusowa pogona. Kuyambira cha m'ma 2015, boma litasiya kupereka ndalama za m'thumba kwa ophunzira atsopano, ndipo mahositelo atachepa, ambiri amachita lendi kunja: ku Chikanda mu Zomba, ku Luwinga mu Mzuzu, m'makomboni a Blantyre. Lendi ndi ya mwezi ndi mwezi, makala ndi ufa n'zogula, ndipo aphunzitsi amatumiza zowerenga pa foni kapena pa kompyuta zimene zimafuna bandulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zidakwera nthawi imodzi. Ndidakhalapo ndi mnyamata wina mu ofesi mwanga, wanzeru kwambiri, amene fizi yake idali italipiridwa kale ndi mpingo wakwawo. Adabwera kudzapempha kuti aime kaye sukulu chifukwa kwa milungu itatu ankadya kamodzi patsiku, ndipo mwini nyumba adali atamutsekera chitseko. Lamulo la fizi yaulere silikadamupulumutsa mwana ameneyo. Kwa atsikana njala yotereyi imabwera ndi anthu ena oipa mtima amene amadikirira ndi galimoto kunja kwa mpanda, ndipo izi n'zimene zimandisowetsa tulo koposa.

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la HESLGB kuti lizipereka ngongole ndi thandizo kwa ophunzira osowa, komanso kutolera ngongole za amene adamaliza kale. Ganizo lake n'labwino: amene waphunzira lero abweze mawa kuti mng'ono wake apezepo. Vuto n'lakuti thumba silikwanira onse opempha, ndalama ya zodyera imatsalira m'mbuyo mitengo ikamakwera, ndipo kubweza kwakhala kofooka. Alipo anthu ambiri amaudindo amene adaphunzira ndi ngongole ya boma ndipo sadabwezepo kanthu mpaka atakakamizidwa. Ngakhale amene abweza mochedwa, ndalama imene abwezayo siingagulenso zimene inkagula pamene ankabwereka. Thumba lotere limafwifwa lokha, n'kumadalira bajeti chaka chilichonse.

Dziko la Australia lidayesa njira ina mu 1989. Wophunzira salipira polowa. Akamaliza, amayamba kubweza pokhapokha malipiro ake akafika pa mlingo woikidwa, ndipo otolera msonkho ndi amene amadula ndalamayo pamodzi ndi msonkho. Amene sadapeze ntchito yabwino sasautsidwa. Njira imeneyi imachotsa mantha a ngongole, mantha amene ndi enieni kwa banja limene mawu oti ngongole limawadziwira kwa akatapila. Kwathu kuno ingagwire ntchito kwa olembedwa m'boma ndi m'makampani kudzera ku bungwe lotolera msonkho la MRA, makamaka tsopano pamene anthu ambiri ali ndi chiphaso cha unzika. Kwa amene amachita geni kapena apita kunja, kutolera kungavutebe, ndipo boma liyenera kuvomereza poyera kuti gawo lina la ndalamazo silidzabwerera.

Anthu amakonda kutchula Germany, kumene zigawo zonse zidathetsa fizi pofika 2014. Kumeneko okhoma msonkho ndi ambiri, msonkho wake ndi waukulu, ndipo mwana aliyense amafika ku sekondale. Chitsanzo choyandikira kwa ife ndi South Africa. Ophunzira adayambitsa zionetsero za FeesMustFall mu Okutobala 2015, ndipo mu Disembala 2017 pulezidenti Jacob Zuma adalengeza maphunziro aulere. Komabe ngakhale dziko lachuma ngati limenelo silidapereke kwa onse. Lidaika malire pa mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka, kudzera ku bungwe la NSFAS, ndipo thandizolo limaphatikizapo pogona ndi chakudya. Kuchokera pamenepo akhala akulimbana ndi kuchedwa kwa ndalama, komanso ana a anamwino ndi apolisi amene makolo awo amapeza zopitirira malirewo pang'ono koma sangakwanitse fizi. Anansi athu a ku Zambia adayambira pansi: mu 2022 adachotsa fizi mpaka ku sekondale, yunivesite n'kuisiya pa ngongole.

Pali mfundo imodzi ya mbali inayo imene ndimailemekeza. Dokotala wa pa chipatala cha Nsanje kapena mphunzitsi wa sayansi wa ku Chitipa sapindula yekha ndi maphunziro ake, mudzi wonse umadya nawo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa ntchito zimene dziko likuzisowa chonchi, ndingakonde kuti boma lizikhululuka ngongole pang'onopang'ono malinga ndi zaka zimene munthu watumikira kumudzi. Amene wasankha kukagwira ntchito ku Britain kapena ku Johannesburg ali ndi ufulu wotero, koma abweze yonse.

Maganizo anga ndi awa. Mwana wochokera m'banja losauka alipiriridwe zonse ngati mphatso, fizi, pogona ndi chakudya, osamusenzetsa ngongole. Wa m'banja lapakatikati abwereke n'kudzabweza molingana ndi malipiro ake. Amene makolo ake angathe, alipire, ndipo alipire mtengo woyandikira mtengo weniweni. Chovuta ndi kusiyanitsa magulu atatuwa m'dziko limene anthu ambiri alibe pepala losonyeza zimene amapeza, ndipo kalata ya amfumu kapena ya abusa aliyense angathe kuipeza. Koma zizindikiro zilipo. Sukulu ya sekondale imene mwana adaphunzirako imanena zambiri: amene wachokera ku CDSS ya kumudzi n'kupeza mapointi olowera ku yunivesite safunika kufunsidwa mafunso ambiri. Boma lilinso ndi kaundula wa mabanja ovutika amene limagwiritsa ntchito popereka Mtukula Pakhomo, ndipo akuluakulu a sukulu amawadziwa ana amene ankathamangitsidwa kawirikawiri chifukwa chosowa ndalama.

Chinthu china chimene sichifuna ndalama zowonjezera ndi nthawi. Mayina a osankhidwa akatuluka, mwana wosauka ayenera kudziwa asananyamuke kwawo ngati thandizo alipeza kapena ayi, ndipo ndalama ya pogona imufike sabata yoyamba. Ikachedwa ndi miyezi iwiri, mwini nyumba wa ku Chikanda amakhala atapereka kale chipindacho kwa wina, ndipo banja limakhala litagulitsa chimanga chimene likadadya mwezi wa Febuluwale.