Kugula ndege ya kampani kuno ku Malawi: mafunso ndi mayankho pa malamulo ndi misonkho

Mafunso awa akhala akundipeza pa WhatsApp kuno ku Lilongwe, makamaka kuchokera kwa anzathu a malo ogona alendo kunyanja ndi a minda ikuluikulu amene atopa ndi kutha tsiku lonse pa M1 popita ku Karonga. Akuti tikagula kandege ngati Cessna Caravan kapena King Air, malamulo akuti chani, nanga a MRA atitani? Ndawaika pamodzi kuti tonse tipindule.

Kodi kampani wamba ingakhale ndi ndege yakeyake?

Eya, palibe choletsa. Koma ndege si Hilux yoti mwagula lero mawa muli pa msewu. Iyenera kulembetsedwa ku Malawi Civil Aviation Authority, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la za ndege la 2017, kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi dipatimenti ya boma. Ndege ya kuno nambala yake imayamba ndi 7Q, mukaona ZS ndi ya ku South Africa, 9J ya ku Zambia, 5Y ya ku Kenya, N ya ku America. Ndipo pangano la ku Chicago la 1944 limakana kuti ndege imodzi ilembetsedwe m'maiko awiri nthawi imodzi, ndiye mukaigula ku Johannesburg wogulitsayo ayambe waichotsa kaye m'kaundula wa kwawo. Izi zikhale mu mgwirizano wogulitsana ndalama yomaliza isanapite, apo ayi mukhala ndi ndege yongoima pa KIA mukulipira malo tsiku ndi tsiku.

Mapepala ofunika ndi ati?

Satifiketi ya kaundula, satifiketi yosonyeza kuti ndegeyo ili bwino kuuluka, ziphaso za oyendetsa, buku la maulendo, laisensi ya wailesi ya m'ndege, ndipo ngati muli anthu kapena katundu pakhale mndandanda wake. Inshuwalansi musaiwale. Pogula ndege yakale yang'anani mabuku a injini kuposa utoto, tsamba limodzi likasowa mtengo wa ndegeyo wagwa kale.

Ndege ikangokhala osauluka, sindingamanyamule anthu n'kumandilipira kuti ndibwezeko ya mafuta?

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetsetse achimwene, chifukwa ambiri amagwera pompa. Ndege yonyamula eni ake ndi antchito awo pa ntchito za kampani ndi nkhani ina, ndege yonyamula anthu kapena katundu polipiritsa ndi nkhani inanso. Yachiwiriyi imafuna chiphaso chotchedwa AOC, ndipo kuti muchipeze amaona zambiri, mabuku a kayendetsedwe ka ntchito, amene amakonza ndegeyo, maphunziro a oyendetsa, maola amene amagwira ntchito ndi kupuma. Woyendetsanso akhale ndi laisensi ya CPL, ya oyendetsa ndege ngati ntchito yolipidwa, kapena yoposera apo, wa PPL, laisensi yongoyendetsa ndege mwa iwe wekha, saloledwa kulandira malipiro pa kuyendetsa ndege. Akakhala wochokera kunja laisensi yake ivomerezedwe kuno komanso akhale ndi TEP, chilolezo chogwirira ntchito kuno chochokera ku Immigration.

Chimene chimachitika ndi ichi, mnzanu wa bizinesi akuimbirani kuti bwana ndili ndi alendo anayi akufuna kukafika ku Likoma Loweruka, tithandizeni tikupatsani kenakake. Inu mukuona ngati mukuthandiza m'bale, ndalama yalowa pa foni, ndege yanyamuka. Pamaso pa lamulo mwachita malonda onyamula anthu opanda chiphaso. Tsiku limene tayala lidzaphulike potera wina n'kuvulala, a inshuwalansi adzafunsa funso limodzi lokha, anthuwa analipira? Ndipo inshuwalansi yanu ikakhala ya maulendo a eni ake okha atha kukana kulipira, zonse zidzagwera inu. Koma ngakhale tisanene za ndalama, anthu anayi aja anakwera akuganiza kuti ndegeyo imayenderedwa ngati ya hayala, pomwe ayi. Ineyo zimenezi zimandiwawa, moyo wa munthu sitiyesera.

Njira yabwino ilipo, perekani ndegeyo kwa kampani yomwe ili kale ndi AOC iziyendetsa pansi pa chiphaso chawo, inu muzilandira gawo lanu molembedwa bwinobwino, n'kulipirira msonkho ngati ndalama ina iliyonse yomwe kampani yapeza.

Nanga polowetsa m'dziko a MRA amafuna chani?

Ndege ndi katundu ngati wina aliyense, kuti yabwera youluka yokha sizikutanthauza kuti sinalowe. Iyenera kuonetsedwa kwa a kasitomu, ndipo dyuti ndi VAT zimatengera gulu limene ndegeyo yagwera m'buku la tarifi komanso ntchito yomwe izigwira. Musamvere za pa bawo zoti ndege zonse zimalowa ulere. Lemberani a MRA kalata musanagule, fotokozani mtundu wa ndege, kulemera kwake ndi ntchito yake, akuyankheni polemba, kalatayo muisunge ngati chikalata cha malo. Funsaninso za masipeya nthawi yomweyo poti amenewo ndiye muzilowetsa chaka ndi chaka. Ndege ya nambala yakunja yomwe yabwera mongoyembekezera ili ndi nthawi yake, ikakhalitsa mafunso amayamba.

Kodi mafuta, malipiro a woyendetsa ndi zokonzetsa ndingazichotse pa phindu powerengera msonkho?

Mungachotse zokhazo zimene zinagwiritsidwa ntchito pa bizinesi basi, ndi m'mene lamulo la misonkho limanenera. Mtengo wogulira ndegeyo suchoka wonse chaka chimodzi ngati ndalama ya mafuta, umatsata malamulo a capital allowance, ochotsa mtengowo pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Tsono vuto limabwera pa maulendo a kunyumba. Abwana atenga mayi ndi ana kukadya Khirisimasi ku Mangochi, ulendo umenewo si wa kampani, ndi phindu limene abwanawo alandira, ndipo pali fringe benefit tax yomwe kampani imalipira pa zinthu zotere.

Ndinaonapo buku la maulendo la kampani ina, pa mzere uliwonse analemba tsiku, maola, Lilongwe kupita Mzuzu, koma danga la cholinga cha ulendo linali loyera kuyambira Januwale mpaka Disembala. Wowerengera ndalama wawo anakhala masiku akufufuza m'ma imelo kuti akumbuke anakwera ndani ndipo ankakatani. Lembani tsiku lomwelo, maina a okwera ndi chifukwa chake, ndi mphindi ziwiri zokha. Oyendera mabuku akabwera sakhulupirira pakamwa.

Bwanji ndingobwereka kunja m'malo mogula?

Ambiri amatero ndipo nthawi zina n'zanzeru. Kungoti ndalama ya lendi yopita kwa mwini wake wakunja imadulidwa msonkho wa anthu osakhala m'dziko muno, ndipo wodula n'kukapereka ku MRA ndinuyo. Werengani bwino mgwirizano, ena amalemba kuti iwo alandire ndalama yawo yathunthu msonkho ndi wanu. Kenako pali nkhani ya forex imene tonse tikuidziwa, lendi, masipeya, inshuwalansi, kukakonzetsa ku Lanseria ku South Africa kapena ku Wilson ku Nairobi, zonsezi ndi madola odzera ku banki motsata malamulo a Reserve Bank. Kambiranani ndi banki yanu musanasaine.

Ndingauluke kuchoka pa bwalo la ku munda kwanga mpaka ku Mfuwe ku Zambia?

Ayi. Potuluka ndi polowa m'dziko mudzere pa bwalo lomwe pali a kasitomu ndi a Immigration, monga KIA kapena Chileka, mutapereka pulani ya ulendo ndipo chilolezo cha dziko mukupitalo chili m'manja.

Ndiye mwachidule, n'zoyenera kugula?

Werengani kaye maola amene muziuluka pa chaka. Tonse tikukumbuka ndege ya Falcon 900EX imene boma la Bingu wa Mutharika linagula mu 2009 pa ndalama pafupifupi madola 22 miliyoni, boma la Joyce Banda linaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, ndipo chifukwa china chimene chinkanenedwa chinali ndalama zoisamalira. Ndege imadya ngakhale itaima, woyendetsa alipidwe, inshuwalansi ilipidwe, zina zimasinthidwa potengera kalendala osati maola. Ngati ulendo wanu ndi kawiri pa mwezi, chitani hayala kwa amene ali ndi AOC, tengani lisiti lokhala ndi TPIN yawo mukaike m'faelo.