Asidi wonunkha ngati viniga: chenjezo kwa olowa m'malabu a mu Lusaka

Uthenga uwu ndi wa aliyense wolowa m'chipinda momwe muli botolo lolembedwa kuti glacial acetic acid: ogwira ntchito m'malabu a zipatala, aphunzitsi a sayansi a ku sekondale, ophunzira a ku yunivesite ya UNZA ndi ku koleji ya Evelyn Hone, osunga makiyi a chipinda cha mankhwala, komanso amayi ndi abambo amene amakolopa ndi kutsuka mabotolo ena onse ataweruka. Omalizawa ndiwo amaiwalika pa maphunziro, chonsecho zotsalira zonse zimathera m'manja mwawo.

Chomwe chimapusitsa anthu pa asidi ameneyu ndi fungo. Amanunkha ngati viniga wothira pa tchipisi, ndipo mphuno ikamva fungo lozolowera, mtima umakhala pansi. Ndi mankhwala amodzi ndithu, koma viniga wa kukhitchini amakhala ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 a asidi, otsalawo ndi madzi. Wa m'labu amafika magawo 99 pa 100, mwinanso kupitirira. Mphamvu yake ndi ya viniga kuchulukitsa ka 20. M'mabuku amam'tcha asidi wofooka, ndipo ophunzira ambiri amangogwira mawu amenewo. Kufookako kumanena za mmene amagawikira m'madzi, osati za zimene amachita pakhungu. Pakhungu amadya.

Ntchito yake ndi yambiri. Amalowa m'madzi a Türk owerengera maselo oyera a magazi, m'mankhwala oumitsira tizidutswa ta mnofu tisanayezedwe, ndi poyeza mapuloteni mumkodzo. Onyika nsalu mu utoto nawonso amam'gwiritsa ntchito. Kuyambira 2006, zipatala za mu Lusaka zimapima khansa ya khomo la chiberekero popaka asidi yemweyu wosungunula, wa magawo 3 mpaka 5 pa 100. Amayi musaope, wopimira uja ndi wa mphamvu ya viniga chabe. Choopsa chili pa botolo la wosasungunula, ndi pa munthu wosokoneza mabotolo awiriwo.

Zimene amachita m'thupi

Akagwera pakhungu, ululu sufika nthawi yomweyo kwa aliyense. Munthu amatha kupukuta ndi nsalu n'kupitiriza ntchito, kenako pakapita nthawi khungu layera, latuluka matuza, chilonda chalowa mkati. M'maso ndiye simufunika wambiri: dontho limodzi likhoza kuwononga galasi la diso mpaka kalekale.

Nthunzi yake imaluma m'mphuno ndi pakhosi, imatulutsa misozi, imatsokomoletsa. Wopuma yambiri akhoza kuoneka bwinobwino masana, usiku n'kuyamba kubanika chifukwa mapapo adzaza madzi. Odwala mphumu imawavutitsa msanga. Malire omwe mayiko ambiri amatsata ndi magawo 10 pa miliyoni imodzi mu mpweya pa maola 8 a ntchito. Ife tilibe makina oyezera zimenezo m'labu iliyonse, choncho mverani maso anu: akayamba kuyabwa, mpweya wa m'chipindamo waipa kale. Amene akhala zaka akupuma nthunziyi mano awo akutsogolo amaperepeseka, khungu la m'manja limada ndi kung'aluka, ndipo chifuwa sichiwatha.

Kumwa ndiko koopsa kuposa zonse. Amawotcha kuyambira m'kamwa mpaka m'mimba, amaphwanya maselo ofiira a magazi, mkodzo umafiira, impso zimatha kuleka kugwira ntchito. Wopulumuka akhoza kuvutika kumeza patapita milungu, chifukwa kummero kumachepa chilonda chikamapola. Ngozi yotere imayamba ndi chinthu chimodzi chomwe timachiona ngati chaching'ono: kugawira asidi m'botolo la madzi akumwa kapena la chakumwa chozizira. Alibe mtundu, amaoneka mbee ngati madzi. Safunsa anadya phula, inde, koma wolakwa woyamba ndi amene anasiya botolo lopanda dzina.

Juni ndi Okutobala

Nyengo ya kwathu ili ndi misampha iwiri. Asidi ameneyu amaundana pa madigiri 16.6, ndipo dzina loti glacial linachokera pa maonekedwe ake akauma, ngati madzi oundana. Usiku wa Juni ndi Julayi mu Lusaka kumazizira kupitirira pamenepo. Mukhoza kutsegula chipinda cha mankhwala m'mawa n'kupeza botolo lauma gwa. Sanawonongeke. Musalitokose ndi chitsulo, musaliike pa sitovu, pa hita, ndipo pa mbaula ndiye ayi ndithu. Liimikeni m'beseni la madzi ofunda pamalo opita mphepo, mumasule chivundikiro pang'ono, mudikire lisungunuke lokha.

Msampha wachiwiri ndi moto. Ambiri sadziwa kuti asidi uyu amayaka. Akatentha kufika madigiri 39, nthunzi yake imagwira moto ikakumana ndi lawi kapena kuthetheka kwa magetsi. M'mwezi wa Okutobala, chipinda chamalata chotseka mawindo kapena buti ya galimoto yoima padzuwa ku Kamwala sizichedwa kufika pamenepo. Nthunziyo imalemera pafupifupi kawiri kuposa mpweya, motero imakwawa pansi ndi pamwamba pa tebulo mpaka kukapeza lawi la Bunsen lomwe mumaliyesa lakutali.

Palinso za malaiti. Kabati yokoka nthunzi imagwira ntchito ndi magetsi. Malaiti akapita, kabatiyo yasanduka bokosi wamba. Tsekani botolo, ntchitoyo idikire. Kuyatsa kandulo kuti mumalize ndiko kuitana moto.

Pogwira ndi posunga

Musanatsegule botolo, yang'anani kaye ngati pampopi pakutuluka madzi. Ngati palibe, pakhale chidebe chodzaza madzi oyera pafupi ndi inu, osati kuseri kwa nyumba. Labu yopanda madzi tsiku limenelo isagwire asidi.

Valani magalasi otseka maso mbali zonse. Magalasi owerengera sateteza. Valani khoti la m'labu lomanga mabatani ndi nsapato zotseka, osati mapatapata. Pa magolovesi pali chinyengo: opyapyala a latex omwe ali ponseponse m'zipatala asidi uyu amawadutsa msanga. Abwino ndi a rabala ya butyl. Opyapyala a nitrile amangothandiza pa kudonthera kwa kanthawi, ndipo akadontheredwa avuleni pomwepo.

Posungunula, madzi ndiwo ayambe kulowa m'chotengera, asidi abwere pambuyo pang'onopang'ono. Kuti mupeze lita imodzi ya magawo 5 pa 100, thirani mamililita 50 a asidi m'mamililita 950 a madzi. Lembani pa botolo dzina, mphamvu yake ndi tsiku, musanaliike pansi. Kukoka ndi pakamwa pa pipeti, kachubu koyezera madzi, ndi chizolowezi chakale chomwe chiyenera kutheratu.

Posunga ndi pomwe malabu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Amati maasidi onse akhale pa shelefu imodzi. Koma uyu ndi asidi woyaka, ndipo nitric acid, chromic acid, perchloric acid, potassium permanganate ndi hydrogen peroxide akasakanikirana naye akhoza kubutsa moto kapena kuphulika. Malo ake ndi kabati ya zoyaka, m'thireyi yakeyake, m'munsi mwa msinkhu wa maso, kutali ndi dzuwa. Akhalenso kutali ndi caustic soda. Amadya zitsulo zambiri n'kutulutsa mpweya wa hydrogen, womwenso ndi woyaka, choncho chitini si chotengera chake. Pa botolo pamakhala zizindikiro ziwiri m'mphepete mofiira: lawi la moto, ndi madontho akudya dzanja ndi chitsulo. Wogulitsa akupatseni pepala la chitetezo lotchedwa SDS, ndipo likhale poti wokolopa akhoza kulipeza, osati m'dirowa ya abwana.

Wa m'labu ndi wa m'fakitale si wa chakudya. Osam'sungunula kuti akhale viniga wa kunyumba kapena wogulitsa pamsika.

Ngozi ikachitika

Mankhwala oyamba ndi madzi, ambiri, msanga. Pakhungu, thirani madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 20, mukuvula zovala zonyowa, wotchi ndi mphete madzi akuthirabe. Manyazi asakuchedwetseni, mnzanu akutchingeni ndi chitenje. Musapake Colgate, Vaseline, mafuta ophikira, dzira kapena phulusa. Musathirenso soda pachilonda poganiza kuti apha asidi: ziwirizi zikakumana zimatulutsa kutentha, ndipo mphindi zofunafuna sodayo ndi zomwe madzi akanakhala akugwira ntchito.

M'diso, tsegulani zikope ndi zala, madzi ayende kuchokera cha ku mphuno kupita cha ku khutu kuti asalowe m'diso linalo. Pitirizani kwa mphindi 20 kapena kupitirira, ndipo ngati n'kotheka muzithirabe muli m'galimoto. Diso lililonse lomwe lalowa asidi liyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ululu utachepa.

Wopuma nthunzi m'tulutseni panja, akhale tsonga. Ngati akutsokomola kosalekeza, akulira m'chifuwa kapena mawu asasa, apite kuchipatala, ndipo usiku umenewo asagone yekha.

Womwa asidi achukuche m'kamwa ndi madzi n'kulavula. Musamusanzitse, chifukwa asidi awotchanso kummero pobwerera. Musam'mwetse soda, makala kapena mankhwala azitsamba. Thamangani naye ku chipatala chapafupi, kaya ndi Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje kapena Chipata ya mu Lusaka, kapena ku zipatala zazikulu za UTH ndi Levy Mwanawasa komwe kumatumizidwa ovulala kwambiri. Jambulani chizindikiro cha pa botolo ndi foni, mukaonetse adokotala. Mawu oti "wamwa viniga" akhoza kuwasocheretsa. Nenani dzina lonse ndi mphamvu yake.

Asidi akatayika pang'ono, zimitsani malawi onse, tsegulani mawindo, valani zodzitetezera, muwazepo soda wophikira kuyambira m'mbali kulowa pakati mpaka thovu litaleka. Mchenga wouma umathandiza kuti asafalikire. Utuchi ndi nyuzipepala ayi. Botolo lalikulu la malita 2.5 likasweka, si ntchito ya mopu: tulutsani anthu onse, tsekani chitseko, itanani woyang'anira labu. Moto waung'ono umazima ndi chozimitsira cha ufa kapena cha carbon dioxide. Ukakula, imbani 993 kwa ozimitsa moto.

Wotsala kapena wakale musam'thire m'ngalande, m'chimbudzi kapena pa dzala, pomwe ana otola mabotolo angam'peze. Zinyalala za mankhwala oopsa zimayang'aniridwa ndi ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2011, ndipo zimatengedwa ndi okhawo omwe ali ndi chilolezo. Botolo lotha litsukidwe katatu ndi munthu wodziwa zomwe zinalimo, lisanafike kwa wotsuka.

Wovulala pa ntchito alembetse ngoziyo tsiku lomwelo, ngakhale chilonda chikuoneka chaching'ono, ndipo asunge mapepala a kuchipatala. Ndi omwe adzafunike ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lolipira ovulala pa ntchito, ngati diso kapena dzanja silibwerera mwakale.