Hardcore punk si ya azungu oledzera ayi

Ambiri akamva hardcore punk, mtundu wa nyimbo za rock zaukali ndi zaliwiro, gitala likulira ngati chigayo, woyimba akukuwa mpaka mitsempha kuoneka pakhosi, amangoti izi n'za anyamata achizungu oledzera. Bodza limeneli limandiwawa, chifukwa likukwirira anthu amene anayala maziko.

Gulu la Bad Brains la ku Washington, D.C., linali la anyamata akuda anayi. Anayamba ndi jazi, kenako n'kutembenukira ku punk, akuimba mwaliwiro loti anzawo ankangoti kukamwa yasa. Pa kaseti yawo ya 1982 muli nyimbo za reggae pakati pa zaukalizo, poti anali atalowa Chirasta. Magulu achizungu a mumzindawo ankaphunzirira kwa iwo.

Nanga za mowazo? Mu 1981 gulu la Minor Threat, la woyimba Ian MacKaye, linatulutsa "Straight Edge", nyimbo yosakwana mphindi imodzi, yokana mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kumabala ena, ana osakwana msinkhu ankawalemba X kuseri kwa dzanja kuti asawagulitse mowa. Achinyamata a punk okana mowa anayamba kudzilemba okha chizindikirocho monyadira, ngakhale atakula kale.