Lamulo la Miner: mmene kompyuta imadziwira kuti msewu wa phula watopa

Kodi lamuloli limati chiyani?

Limati msewu umatha pang'onopang'ono. Tayala likadutsa, phula limapindika pang'ono n'kubwerera m'malo mwake, ndipo ulendo uliwonse umadya kachigawo ka moyo wake. Tiyerekeze kuti phula lingapirire katundu wina maulendo 1,000,000. Pakadutsa maulendo 250,000, gawo limodzi mwa magawo anayi lapita. Kompyuta imaphatikiza tizigawoti, ndipo tikakwana 1 imati ming'alu yayamba.

Analipeza ndani?

Arvid Palmgren wa ku Sweden analilemba mu 1924 pofufuza ma bearing (tizitsulo tothandiza kuti magudumu azizungulira bwino), kenaka M. A. Miner analitchukitsa mu 1945 atayesa aluminiyamu ya ndege ku America. Za misewu sankaziganiza n'komwe.

Nanga maulendo amene phula lingapirire amawadziwa bwanji?

Apa mpamene pagona nkhani. Kulabotale amacheka kachidutswa ka phula losakaniza ndi miyala, kotalika pafupifupi masentimita 38, n'kukapanikiza m'makina pa malo anayi. Makinawo amakapinda mobwerezabwereza, nthawi zina masiku angapo osapuma, kufikira kulimba kwake kutatsika ndi theka. Amatero ndi tizidutswa tambiri, pa kutentha kosiyanasiyana. Manambala amenewa ndiwo chakudya cha kompyuta. Akakhala olakwika, nayo imanama mosachita manyazi.

Kodi galimoto zonse zimawononga mofanana?

Ayi ndithu. Pa kafukufuku wa misewu wotchedwa AASHO Road Test, ku Ottawa m'boma la Illinois ku America kuyambira 1958 mpaka 1960, malole ankazungulira pamisewu yoyeserera, ndipo zinaoneka kuti ukawirikiza kawiri katundu pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri), kuwononga kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ekiselo yoyezera zonse ndi ya matani 8.2. N'chifukwa chake pasikelo amaimitsa lole, njinga yamoto n'kumadutsa.

Tingalikhulupirire?

Osati ndi mtima wonse. Lamuloli silisamala kuti katundu wolemera anadutsa koyamba kapena komaliza, pomwe zimenezi zimasintha zinthu. Siliwerengeranso kuti phula likapuma kunja kukutentha, timing'alu ting'onoting'ono timatsekeka tokha. Mainjiniya amakonza manambala awo poyerekeza ndi misewu yeniyeni.

Bwanji msewu umaoneka bwino kompyuta ikunena kuti watopa?

Ming'alu ya kutopa kawirikawiri imayambira pansi pa phula, pomwe limakokeka kwambiri, n'kumakwera. Mukaona pamwamba pachita ngati khungu la ng'ona m'njira ya matayala, pansi panang'ambika kalekale, ndipo mvula yapeza polowera.